Tsiku Limene Laputopu Inakana Pamaliro a Agogo Anu

Iwe Mapalo, chotsa chinthucho pamtsamiro. Sukumva mmene chikulirira? Laputopu imapumira kumimba, ndiye iwe waitseka ndi mtsamiro kenaka ukuitukwana kuti ikuchedwa. Ika patebulo. Wati chiyani? Yangolandira sisitimu yatsopano dzulo? Basi khala pansi, ndipo iwe Natasha siya kukanda foniyo, chifukwa kulira kumeneko ine ndimakudziwa. Ndinakumva tsiku limene tinkaika agogo anu aakazi, ndipo mpaka lero kulira kumeneko kwa kafani ka kompyuta sindinakuiwale.

Inu mumandiona ngati nkhalamba yongodziwa kuitanitsa tiyi. Paunyamata wanga ndinali mmisiri wa makina otayipira. Simunawaonepo, musanamizire kugwedeza mitu. Ndinkayenda m'maofesi a m'tauni ndi kachikwama kachikopa, m'kati muli sipiriti, mswachi wakutha, mafuta a makina osokera ndi kapulayala. Makina amenewo anali achilungamo. Chilembo chikakanirira unkachiona ndi maso kuti chapindika, n'kuchiwongola. Riboni ikauma zala zako zinkakuuza. Madzulo ndinkatsika basi kuno ku komboni ya Matero manja ali bii, agogo anu n'kundithamangitsa kuti ndisakhudze nsalu yawo ya patebulo.

Makompyuta atabwera ntchito ija inatha, ine imvi zitayamba kale. Anzanga ambiri anabwerera kum'mawa kukalima thonje. Ine ndinakana, poti makani anga mukuwadziwa. Ndinaphunzira kutsegula makina atsopanowo, ndinawotcha angapo, mpaka ndinatsegula kashopu kuseri kwa msika. Ndinkakonza makompyuta, kutayipira anthu, komanso kuwasungira zithunzi ndi mavidiyo. Maukwati a mu Matero, makitchinipate olangizira akwati ku komboni ya George, maubatizo a ku Lilanda, zonsezo zinkakhala mu laputopu yanga imodzi yakuda, yolemera ngati njerwa. Choipa cha kompyuta n'chakuti ikadwala suona chopindika. Umangoona kuti yaleka kukumvera.

Agogo anu anaBanda anagwa akuyanika zovala, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi koma mankhwala ankamwa akafuna okha. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Imfa yadzidzidzi imabala mafunso, ana inu. Abale awo anabwera kuchokera ku Chadiza motsogozedwa ndi mlongo wawo, a Banda, alamu anga, amene anali mwini mbumba. Munthu ameneyo sanandikondepo chiyambire. Sankamvetsa kuti mwamuna angadye bwanji atangokhala pampando n'kumayang'ana galasi lowala. Masiku amenewo n'kuti m'makomboni muli manong'onong'o a anthu olemera ndi magazi a abale awo. Kulemera kwanga kunali kuti, denga likudontha? Komabe ndinkaona mmene ankandiyang'anira akamadutsa pamene ndinakhala.

Azakhali anu a Tasila anali kale kutsidya kwa nyanja, akugwira unamwino. Anali atangochira kumene mwana wawo woyamba, ndipo anachita kuwang'amba, choncho madokotala anakana zoti akwere ndege. Anandiimbira akulira mpaka mawu kutha.

"Atate, sinikupemphani vambiri," anatero. "Nifuna chabe kuona nkhope ya amama bakalibe kutseka bokosi."

Ndinamulonjeza pomwepo. Inu mukuseka mumtima kuti chovuta n'chiyani, si kungotulutsa foni m'thumba? Nthawi imeneyo foni inali yoimbira ndi younikira pofunafuna machesi. Kuti uone munthu wakutali pankafunika laputopu yokhala ndi kamera, ndi kadongulo kobaya m'mbali kokoka netiweki. Mu Matero monse tinalipo owerengeka okhala nazo. Kale kwenikweni ndiye kunalibe ngakhale zimenezo. Amayi anga ine atamwalira, uthenga ndinaumva pawailesi, pa ndime ya mauthenga a maliro. Ndinakwera basi ya kum'mawa, inafera panjira tisanawoloke Luangwa, tinagona patchire tikudya nthochi ndi nsomba zouma. Pofika kumudzi ndinapeza mulu wa dothi. Munthu amene sunamuone nkhope samwalira bwinobwino mumtima mwako. Kwa zaka zambiri ndinkatembenuka pamsika ndikaona mayi woyenda ngati iwo. Sindinafune kuti mwana wanga adzasenze zimenezo.

Tsono mwambo wathu umati wofedwa sagwira ntchito. Umakhala pamene akukhazika, akuluakulu awiri uku ndi uku, mutu pansi, mawu ochepa. Sungadzuke kuti ukaone ngati nkhuni zafika. Choncho kiyi wa kushopu ndinapereka kwa atate ako iwe Mapalo, a Mabvuto, kuti akatenge laputopu ndi kuiyesa. Atate akowo minibasi amaidziwa, akangomva kulira kwa injini amakuuza chimene chavuta. Kompyuta ankangoidziwa poonera mpira. Atayatsa, pulogalamu yoimbira inadandaula kuti ndi yakale. Kenaka panatuluka kawindo kofunsa ngati akufuna sisitimu yatsopano. Mwana wathu tinamulera bwino, munthu akamufunsa mwaulemu amavomera. Anavomera funso loyamba, lachiwiri, mpaka onse. Laputopu inadzigwirira ntchito yake, ndipo kutacha inali ndi nkhope ina. Ine sanandiuze, poti wofedwa savutitsidwa ndi nkhani zazing'ono.

Tsiku loika, thupi linachoka kumochale kubwera kutchalitchi chathu chija cha malata. Munkatentha moti amayi ankadzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Magetsi anali atapita m'mawa, ndiye laputopu inkadalira batire yake yokha, ndipo batireyo inali yokalamba ngati mwini wake. Ulaliki utatha, bokosi analiika pafupi ndi khomo, chotsekera chake n'kuchigoneka pansi m'mbali mwa khoma. Mukudziwa mmene zimakhalira. Anthu amadzuka benchi ndi benchi, kudutsa pabokosi, kuona nkhope, n'kutuluka. Abale timakhala omaliza, ndipo tikangoona amatseka, ulendo wa kumanda ku Chingwere. Panja panali kale lole, komanso anthu a maliro ena amene ankadikira kuti tichoke alowe iwo. Nthawi yathu yonse inali mzere wa anthu uja. Ukatha mzere, zatha.

Benchi yoyamba itangodzuka ndinamva kulira kumbuyo kwanga. Kunali kosiyana ndi kulira kwa anthu, kopyapyala, kosapuma. Mabvuto anali atagwada kuseri kwa benchi yanga, laputopu ili pamaondo.

"Batate," ananong'ona, "yakana."

"Yakana bwanji?" ndinafunsa osadzutsa mutu.

"Ili chabe kulila. Mausi siyenda. Ba Tasila batuma foni, nayankha, koma chithunzi chaima na mau yali kuduka-duka."

Ndinaponya diso m'mbali. Galasi limene ndinaona silinali la laputopu yanga. Mitundu ina, tizithunzi tina, zonse zachilendo.

"Iwe, wachita chiyani?"

"Inanifunsa ngati nifuna sisitimu ya manje. Nenze nati nikuthandizani, Batate."

Kukanakhala kunyumba khofi akanalilawa, ndevu zakezo zili pomwepo. Koma a Mwale, mkulu wa kumudzi kwa agogo anu amene anandikhalira kumanzere, anatsokomola n'kunena kuti, "A Phiri, mutu pansi." Ndinaweramitsa mutu.

Mvetserani apa, chifukwa ndi matenda omwewo amene agwira yako iwe Mapalo. M'kati mwa kompyuta muli timapulogalamu tambirimbiri togwira ntchito mosaoneka, kalikonse ndi gawo lake. Nthawi zina, makamaka sisitimu ikangosinthidwa, kamodzi kamapenga. Kamatenga mphamvu zonse za makina n'kusiya tinzake tilibe chogwirira. Kafani kamalira chifukwa m'kati mwatentha, ndipo kutenthako kukapyola, laputopu imadzizimitsa yokha. Ikanazima tsiku limenelo, poyakanso bokosi likanakhala lili pa lole.

Pali windo limene limaonetsa timapulogalamu tonseto, kakudya kwambiri kali pamwamba. Ndinanong'oneza Mabvuto mabatani oti adinize pamodzi. Anadiniza. Palibe chinachitika. Kwaya inkaimba, anthu ankadutsa, amayi ena ankagwa pabokosi n'kuchita kuwanyamula. Ndinkawathokoza mumtima amayi ogwawo, Mulungu andikhululukire, chifukwa aliyense wogwa ankachedwetsa mzere. Patapita nthawi windo lija linatseguka pang'onopang'ono.

"Werenga dzina lili pamwamba."

Anawerenga Chingerezi chake chopunthwapunthwa, koma ndinamva. Kanali kapulogalamu kamene kamayendera chilichonse chili m'kompyuta kuti kadziwe pamene chili, kuti iwe ukadzafuna chinthu kadzakupezere msanga. Sisitimu yatsopano inafuna kudziwa katundu yense wa m'nyumba imene yalowamo. Tsono nyumba yake inali ya maukwati onse a mu Matero, ndipo pakati pawo panali mavidiyo owonongeka amene ndinkangowasunga poopa eni ake. Kakafika pa vidiyo yowonongeka kankakakamira pomwepo, kubwerera, kuyambanso, osatopa.

"Kaphe," ndinatero.

Ndi mmene timanenera pantchito yathu. Sitinena kuti kaimitse kapena kapumitse, timati kaphe. Ndinali nditalinena liwu limenelo kushopu kosawerengeka osaganizapo kanthu. Mabvuto anakapha. Kafani kanatsika, ndipo ndinamva mawu a Tasila, aang'ono, akuchokera pamaondo a mlongo wake: "Mabvuto, nikumvela manje, bafika pati..." Asanamalize, kulira kuja kunakweranso.

"Batate, kabwela."

"Kaphenso."

"Nakapha. Kabwela futi."

"Kaphe, iwe!"

Sindinazindikire kuti nthawi iliyonse imene ndinkanena liwu limenelo, a Mwale ankasendera pang'ono kutali nane. Maso anga anali pa mabenchi. Mbali ya abambo inali itatha. Mbali ya amayi inali itafika pakati. Mabvuto anandiuza kuti chizindikiro cha batire chatsala kachidutswa, ndipo laputopu ikumuwotcha maondo.

Apo m'pamene mutu wanga unabwerera. Kapulogalamu kameneka sikadzuka kokha. Kali ndi chinzake chachikulu chimene chimakatuma, ndipo chikaona kuti kafa chimatulutsa kena. Kushopu tinkazitchula kuti mwana ndi make. Ungaphe mwanayo tsiku lonse, make akadalipo abereka wina. Koma make sakhala pa windo limene Mabvuto anatsegula, amakhala kwina, m'kati kwambiri. Ndinayamba kumulondolera monong'ona: pita pakona yakumunsi, tsegula chakuti, tsika, sankha chakuti. Njira imene ndinkamuuza inali ya sisitimu yakale. Yatsopanoyo inali itasuntha chilichonse.

"Palibe, Batate. Vamene mukamba palibe apa."

"Yang'ana bwino!"

"Nayangana. Lekani nikaphe chabe futi, mwina kazalema."

Thukuta lake linkagwera pamabatani. Iye anali ataphunzira chinthu chimodzi chokha, ndiye ankangobwerera komweko, kupha mwana, mwana n'kudzuka. Nditadzutsa maso ndinaona kuti pamzere patsala amayi a chigwirizano okha ndi mayunifomu awo, ndipo pambuyo pawo ndife. Mantha ndi mkwiyo zinandikwera pamodzi. Kwaya inamaliza nyimbo, woyambitsa akukoka mpweya kuti ayambe ina, ndipo m'kachetechete kameneko mawu anga anatuluka onse, osanong'ona:

"Chitsiru iwe, ndati usiye mwanayo! Ipha make! Ukapha make zonse ziyenda!"

Natasha, tseka pakamwa. Ndi mmenenso anayasamira anthu tsiku limenelo. Nyimbo ija sinayambe. Amayi a chigwirizano anaima pamene anali. Mwamuna wofedwa, mkazi wake ali gone m'bokosi atafa imfa yadzidzidzi, akuuza mwana wake wamwamuna kuti ukapha make zonse ziyenda. Ndinawamva mawu anga akubwerera kuchokera kumalata.

A Banda anaimirira pang'onopang'ono.

"Alamu, mwati chiyani?"

"Ndi za makina, alamu. Ndikunena za makinawa."

"Makina ali ndi make?"

"Chiyambire mapemphero akungoti kaphe, kaphe," anatero a Mwale, amene tsopano anali kumapeto kwenikweni kwa benchi. "Ine ndamva ndi makutu angawa."

Azilamu anga aakazi anayamba kulira kwina, kuja kokhala ndi mawu m'kati. Wina ankati, "Achemwali, mwaona amene munkagona naye nyumba imodzi!" Ndinayesa kufotokoza za mwana ndi make, koma liwu lililonse limene ndinkawonjezera linkangoipitsa. A Banda sanakweze mawu. Anatembenukira anyamata onyamula bokosi.

"Tsekani. Chinthu chimenecho chisayandikire mlongo wanga. Zotsalazo tikakambirana kunyumba."

Ndikuuzeni zoona, sindinaope zokakambirana kunyumbazo. Akanafuna akanatenga mipando, mbale ndi malata omwe. Chimene chinandipweteka n'chakuti mwana wanga anali tsidya lija atagwira bala lake la opaleshoni, akuyang'ana chithunzi choima, akukhulupirira kuti atate ake akonza. Ndipo mwini mbumba akalamula pamaliro a mlongo wake, mkamwini ulibe pakamwa.

Anyamata aja atapita kukatenga chotsekera, anapeza pakhala munthu.

Anali Bana Mulenga. Inu simunawapeze. Anali Mbemba wa ku Kasama, ankagulitsa tinsomba ta kapenta pamsika, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Iwo ndi agogo anu ankakangana pampopi m'mawa, madzulo n'kubwerekana mchere. Tsono paja Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya. Timatukwanizana, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, aliyense amatcha mnzake kapolo, ndipo palibe amakwiya. Pamaliro ndiye pamene chimbuya chimagwira ntchito yake. Ambuya amaphika, amatunga madzi, amapaka anthu ufa, amaseka pamene ena onse saloledwa kuseka. Munthu wokwiyira mbuya pamaliro amadzichotsera ulemu yekha. Tsiku limenelo Bana Mulenga anali atadzipaka ufa nkhope yonse, atavala jekete lachimuna chotembenuza. Anakhala pachotsekera chija miyendo tambalale.

"Apa nankhala, nankhala," anatero. "Imwe bakum'mawa muli na matu yakulu koma simumvela. Mwasiliza mbeba zonse ku Chadiza, manje mwabwela kuyopa ka mbeba ka pa kompyuta?"

"Mayi, ino si nthawi yamasewera," anatero a Banda.

"Nanga chimbuya chisebenza liti ngati si lelo? Nkhala pansi iwe kapolo, unaona kuti kapolo alamula pamene mfumu ilipo?"

Mayi wina wa chigwirizano anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa ndi duku. A Banda anayang'ana abusa, abusa anayang'ana pansi. Iwonso anali a kum'mawa, ankadziwa kuti pamenepo palibe cholankhula.

"Mabvuto," anaitana Bana Mulenga, "faka chinthu icho pa mendo ya batate bako."

"Wofedwa sagwira ntchito," anatero a Mwale.

"Wofedwa ni wanu. Uyu ni kapolo wanga, nikamutuma asebenza. Sebenza iwe Phiri! Endesa, fulumila, matako yanga siyazankhala apa mpaka mailo."

Pakamwa pawo pankatuluka zimenezo, koma nditawayang'ana ndinaona misozi italemba mizere mu ufa uja. Za makompyuta sankadziwa chilichonse kupatula kuti mausi ndi mbewa, ndipo sindikudziwa ngati iwonso sanadabwe ndi mawu anga. Ankangodziwa Tasila, amene anamuberekapo kumsana agogo anu akapita kuchigayo. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Laputopu inafika pamiyendo panga ikuwotcha kupyola buluku. Ndinaika dzanja pamausi. Kamuvi ka mausi ndikakakankha kankayamba kaganiza kaye, kenaka n'kudumpha kupyola pamene ndikufuna. Ndinafufuza njira yanga yakale, panalibe. Ndinaona kabokosi kofunsiramo chimene ukufuna, ndinatsala pang'ono kulembamo, kenaka ndinakumbukira kuti wofufuzayo ndi yemwe wapengayo, kumufunsa n'kumuwonjezera misala. Ndinatseka maso. Panali njira ina ya mabatani okhaokha, yotsegula kawindo kakang'ono kolembamo dzina la malo amene ukufuna, ndipo ndinapemphera kuti anthu opanga sisitimu yatsopanoyo akhale kuti anaiwala kuichotsa. Ndinadiniza. Ndinadikira. Kanatseguka.

Ndinalemba dzinalo. Zilembo zinkatuluka mochedwa, chimodzi, kenaka chete, kenaka china. Panja lole inaliza hutala. Nyimbo ya anthu a maliro ena aja inali itafika pakhonde penipeni. Abusa anabwera n'kuwerama pafupi nane.

"A Phiri, anzathu akudikira ndi thupi padzuwa."

"Ndamva, abusa."

"Munyamuleni mayiyo," anatero a Banda kuuza anyamata.

Anyamata anayang'anizana. Mmodzi anagwira nsonga ya chotsekera n'kukoka pang'ono. Bana Mulenga anamumenya dzanja. "Nigwile uone! Nizakukwatila lelo lamene, bamai bako bazalila kabili." Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo, koma ndinamva kuti mawu awo ayamba kutha mphamvu. Chimbuya chimagula nthawi, koma sichigula tsiku lonse.

Windo la amake aja linatseguka, maina ali ndandanda mpaka pansi. Ndinatsika nawo, maso akuchita chifunga chifukwa magalasi ndinawasiya kunyumba, poti ndani amatenga magalasi owerengera popita kukaika mkazi wake? Mabvuto ankandiwerengera pamene chala changa chaloza. Si ameneyo. Si ameneyo. Pakati pa zimenezo panatuluka chenjezo loti batire yatsala pang'ono kutha. Ndinalichotsa osaliwerenga kawiri.

"Uyo, Batate. Dzina yake ilingana na ka mwana kaja."

Ndinamusankha n'kulamula kuti aime. Panatuluka kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Kanayenda, kanaima pakati. A Banda anali atayamba kuyenda okha kupita kumene kunali chotsekera. Kamzere kaja kanasuntha, kanafika kumapeto, kanazimiririka. Kulira kwa kafani kunatsika, kunatsikabe, mpaka ndinayamba kumva mpweya wa Mabvuto pakhutu panga. Ndinadikira kuti mwana uja adzukenso. Sanadzuke. Ndinalamulanso kuti makeyo asadzayambe yekha, kenaka ndinaimbira Tasila.

Kunaitana kamodzi kokha, iye n'kuyankha. Nkhope yake inadzaza galasi, maso otupa, ikuyenda bwinobwino ngati ali m'chipinda chomwecho.

"Atate? Atate, batseka?"

Mawu amenewo anamveka tchalitchi chonse, poti munali mutatsala anthu ochepa. A Banda anaima. Anali asanaonepo munthu wa m'galasi akulankhula ndi munthu wamoyo n'kuyankhana. Anabwera n'kusuzumira paphewa panga.

"Tasila?"

"Amalume, ndinu? Chonde amalume, ndiwaone amama. Musatseke ndisanawaone."

Musaganize kuti alamu anga anapepesa. Sanapepese tsiku limenelo, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanandifunsepo kuti make uja anali ndani. Chimene anapita nacho ku Chadiza mumtima mwawo sindichidziwa. Koma anali mwini mbumba, ndipo amene ankapempha anali mwana wa mlongo wawo. Anatambasula manja onse awiri n'kunyamula laputopu pamiyendo panga. Inawawotcha, ndinaona nkhope yawo ikukwinyika, koma sanaisiye. Anayenda nayo mpaka pabokosi, Mabvuto akuwasonyeza mmene angaipendeketsere kuti kamera iloze pansi.

Ine ndinadzuka popanda wondiuza n'kukaima mbali inayo. Pansi panali nkhope ya agogo anu, atawamanga duku loyera la chigwirizano. Pamwamba pake, m'manja mwa a Banda, panali nkhope ya Tasila.

Tasila sanalire. Sanalankhule. Sanaphethire n'komwe. Nkhope yake inangoti duu pagalasi paja, osasuntha ngakhale pang'ono.

"Batate," ananong'ona Mabvuto, "yaima futi."

Ndinatchera khutu kuti ndimve kafani, sindinamve kanthu, ndipo ndinaganiza kuti mwina ndi batire ikutsanzika. Ndinatambasula dzanja pamwamba pa bokosi kuti ndifike pamabatani, osadziwa n'komwe kuti ndikadiniza chiyani. Dzanja lili m'malere choncho, ndinaona kadontho kakuyenda pa tsaya lake, kutsika mpaka pachibwano, n'kugwa. Chithunzi sichinaime. Mwanayo ankangoyang'ana amake.

Ndinabweza dzanja langa. Lole inalizanso hutala panja, palibe anatembenuka. Chinthu chija chinkawalemera a Banda, koma anachigwirabe pomwepo mpaka Tasila anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Ndawaona," anatero. "Tsekani, amalume."

Bana Mulenga anadzuka okha pachotsekera paja, anachipukuta ndi chitenje chawo mbali zonse, n'kuchipereka kwa anyamata.